Kodi Mumadziwa? Si Ayironi Yense Amalowa M'magazi

Ayironi wa m'zakudya alipo wa mitundu iwiri. Wopezeka m'chiwindi, nyama, nsomba ndi nkhono zam'nyanja savuta kulowa m'thupi: pa magawo 100 alionse, thupi limatengapo 15 mpaka 35. Wa m'nyemba, khobwe ndi bonongwe ndi wokanika, thupi limangotengapo magawo 2 mpaka 20.

Chosangalatsa n'chakuti kanyama, kausipa kapena nkhono pang'ono mu ndiwo zimathandiza thupi kuyamwanso ayironi wa m'masamba amene mwadyera limodzi. Vitamini C wa m'malambe, magwafa, matimati ndi mandimu amachitanso chimodzimodzi.

Tiyi ndi khofi ndiye adani a ayironi. Zili ndi zinthu zimene zimamanga ayironi m'matumbo n'kutuluka naye osagwira ntchito, choncho dikirani ola limodzi mukatha kudya musanamwe. Nawonso madeya a chimanga ndi makoko a nyemba amatchinga ayironi, koma kuviika, kumeretsa ngati chimera, kapena kusasitsa kumachepetsa vutoli.

Amayi oyembekezera amafunika kusamala kwambiri, chifukwa kuchepa kwa ayironi kumabweretsa kuchepa kwa magazi.