Makompyuta ambiri, ntchito imodzi: ndani alankhule ndi yani?

M'chaka cha 1922, katswiri wa masamu wa ku England, Lewis Fry Richardson, adalingalira za holo yaikulu momwe anthu 64,000 akadakhala n'kumawerengera nyengo ya dziko lonse lapansi pamanja. Aliyense akadapatsidwa kachigawo kake ka mlengalenga, ndipo akamaliza masamu ake akadapereka mayankho kwa okhala naye pafupi. Holoyo sidamangidwe. Komabe ntchito yanga, yolemba mapulogalamu a makompyuta akuluakulu, ndi yomweyo, kungoti pamipando ija pakhala makina.

Ambiri akamva za kompyuta yamphamvu amaganiza za makina amodzi aliwiro lodabwitsa. Si choncho ayi. Frontier, ya ku Oak Ridge ku America, ili ndi ma core oposa 8 miliyoni. Pulogalamu imagawidwa m'ma process ambirimbiri, ndipo process iliyonse ili ndi memory yakeyake, siiona zomwe inzake yasunga. Ikafuna nambala ya kwa inzakeyo, mpaka itumiziridwe uthenga. Malamulo otumizirana mauthengawa amatchedwa MPI, ndipo adatuluka koyamba mu 1994. Process iliyonse imalandira nambala yoizindikiritsa, yotchedwa rank, kuyambira pa 0.

MPI imalola process iliyonse kulankhula ndi ina iliyonse, koma pantchito yeniyeni sizikhala choncho. Mlimi sakambirana za malire ndi mudzi wonse, amakambirana ndi okhawo omwe minda yawo yagundana ndi wake. Process yowerengera mphepo ya pamwamba pa Madagascar imafuna nambala za m'malire mwake basi, za ku Canada ilibe nazo ntchito pa nthawiyo. Funso lomwe limanditengera nthawi yambiri ndi lakuti: makinawo ndiwauze bwanji kuti oyandikana ndi ati?

Zigawo zikakhala zofanana, zoyalidwa m'mizere, nkhani ndi yapafupi. MPI_Cart_create imapatsa aliyense mnzake wa kumpoto, kummwera, kummawa ndi kumadzulo. Koma dziko ndi lozungulira, phiko la ndege ndi lokhota, ndipo mtsinje suyenda mowongoka. Pulogalamu yolosera nyengo ya ICON, yomwe a zanyengo ku Germany amagwiritsa ntchito, imaphimba dziko ndi timakona atatu. Tikadula ukonde wotere ndi chida ngati METIS, chomwe George Karypis ndi Vipin Kumar adapanga ku yunivesite ya Minnesota, process ina imapezeka ndi oyandikana nawo atatu, ina asanu ndi awiri. Apa mpomwe pamafunika graph, yomwe ndi madontho olumikizidwa ndi mizere, maganizo omwe Leonhard Euler adayala mu 1736 pofufuza za milatho isanu ndi iwiri ya ku Königsberg. Dontho ndi process, mzere ndi njira ya uthenga.

Njira yakale ndi MPI_Graph_create, ndipo imafuna mindandanda iwiri. Tiyerekeze ma process anayi: 0 ikulankhula ndi 1 komanso 2, pomwe 2 ikulankhulanso ndi 3. Mndandanda wa edges umangotchula oyandikana nawo a aliyense motsatizana: 1, 2, 0, 0, 3, 2. Wa index umaonkhetsa chiwerengero chawo pang'onopang'ono: 2, 3, 5, 6, kuti makina adziwe pomwe gawo la aliyense lathera. Ophunzira ambiri amapunthwa pa index ameneyu, chifukwa amalembamo 2, 1, 2, 1 osaonkhetsa.

Vuto lalikulu la njirayi lili kwina. Process iliyonse iyenera kusunga graph yonse. Pa anayi palibe kanthu, koma pa miliyoni ndiye kuti makope miliyoni a mndandanda wautali zedi, memory n'kuthera pa zinthu zomwe aliyense sakuzifuna. N'chifukwa chake mu 2009 MPI 2.2 idabweretsa MPI_Dist_graph_create_adjacent. Apa process imangotchula omwe amaitumizira ndi omwe iyo imawatumizira. Njira itha kukhala yopita mbali imodzi yokha, ndipo mutha kuikapo kulemera kosonyeza kuti njira iyi imadutsa mauthenga ochuluka kuposa iyo. Kwa ine, aliyense woyamba pulogalamu yatsopano lero alibe chifukwa chobwerera ku njira yakale ija.

Nanga phindu lolengeza graph n'chiyani? Uthenga wopita kwa process ya m'bokosi lomwelo la makinawo umafika msanga kuposa woyenda pa waya kupita ku bokosi lina. Mukalola reorder polengeza graph, MPI ili ndi ufulu wosintha ma rank kuti olankhulana pafupipafupi akhale moyandikana. Ndinene zoona, kawirikawiri mapulogalamu a MPI amangobweza ma rank momwe adaliri, ndipo anzanga ena amanena kuti kulengeza graph n'kutaya nthawi. Ine sindigwirizana nawo. Kuyambira 2012, pomwe MPI 3.0 idatuluka, pali malamulo ngati MPI_Neighbor_alltoallv, omwe ndi mzere umodzi wokha amasinthanitsa nambala za m'malire pakati pa oyandikana onse. Popanda zimenezi mumalemba pamanja kutumiza ndi kulandira kulikonse, ndipo mukasokoneza ndondomeko, ma process awiri amangodikirana, aliyense kuyembekezera mnzake, makina odula akudya magetsi osatulutsa kanthu. Dziwaninso kuti graph siiletsa uthenga kupita kwa yemwe simudamutchule, imangouza makina komwe mauthenga ambiri adzadutse.

Izi si nkhani za kutali. Chenjezo la namondwe ngati Freddy, yemwe adasakaza kummwera kwa Malawi mu 2023, limadalira masamu ogawidwa motere, ndipo kulosera kofika mochedwa sikupulumutsa munthu.

Kwa inu ophunzira za makompyuta, musadikire makina aakulu. Open MPI ndi MPICH ndi zaulere, ndipo zimayenda pa laputopu wamba. Jambulani madontho anayi papepala, lembani oyandikana nawo a lililonse, kenaka yendetsani pulogalamu yanu ndi mpirun -np 4. Malamulo omwe mugwiritse ntchitowo ndi omwewo oyendetsa Frontier.