Mluzu wa pa Galasi Latsopano la Galimoto

Mwala umodzi wogendedwa ndi tayala la lole pa msewu wa Great East, pakati pa Lusaka ndi Chipata, ukwanira kung'amba galasi la kutsogolo la galimoto. Mwini wace apita ku galaja, alipira ndalama zambiri, galasi latsopano liikidwa, mtima ukhala pansi. Koma pa ulendo wotsatira, liwiro likafika makilomita 70 kapena 80 pa ola, pamveka kamluzu kamene kale kunalibe. Ambiri a ife tingokweza wailesi kuti tisakamve. Abale, mluzu umenewu utiuza kuti mphepo yapeza polowera, ndipo polowa mphepo mvula ndi fumbi zilowanso.

Tiyambe tadziwa mmene galasi ligwirira. Pa magalimoto ambiri akale galasi likhala mkati mwa mphira wokhuthala wozungulira mphepete monse. Mphira ameneyu akakalamba auma nacita ming'alu, ndipo makanika akabwezerapo yemweyo pofuna kucepetsa mtengo, phokoso silicedwa. Magalimoto a masiku ano, monga ambiri a Toyota ogwiritsidwapo kale nchito amene ticokera nawo ku Japan, galasi lao limamatidwa ku citsulo ndi guluu wakuda wochedwa polyurethane. Guluuyo ayenera kuzungulira ponse mosadukiza, ngati cingwe cimodzi. Akadukiza pamalo ocepa ngati cikhadabo, pamenepo ndiye pobadwira mluzu.

Si mluzu uliwonse umene uli woopsa. Kawirikawiri colakwa cikhala kunja: kamphira kokongoletsa mphepete sikanakhale bwino, timapini ta pulasitiki togwira mbali tinathyoka pocotsa galasi lakale, kapena cibvundikiro ca pulasitiki ca pansi pa mawaipa sicinabwezeredwe m'malo mwace. Izi zikonzeka msanga. Nthawi zinanso galasi tilinamizira, pamene wolira ndi keriyala ya pa denga kapena mphira wa citseko.

Nanga tingasiyanitse bwanji? Njira yoyamba ifuna tepi ya pepala cabe. Timate tepi kunja, pa mzere wokumanira galasi ndi citsulo, mbali imodzi yokha, tinene ya pamwamba. Tiyendetse galimoto pa liwiro lomwe lija, mnzathu atachera khutu pa mpando wa kutsogolo. Woyendetsa asunge maso pa msewu. Phokoso likapitirira, timate mbali ina. Pamene lilekere, bvuto liri pansi pa tepiyo.

Njira yaciwiri ndi ya sopo. Tipake thobvu la sopo kunja kuzungulira galasi lonse, pamene wina ali mkati kupopera mphepo m'mphepete ndi paipi ya makina opopera matayala. Pamene thobvu litukumuka, pali ciboo coboola mpaka mkati. Madzi a m'paipi othiridwa pang'onopang'ono, kuyambira pansi kukwera m'mwamba, aonetsanso comweco, ngakhale kuti madzi ngocenjera: akhoza kulowera pamwamba ndi kukadonthera kutali, pafupi ndi mapazi.

Ciboo cotere cikapezeka, ciyeso cacikulu ndico kugula silikoni ku sitolo ndi kutsekapo tokha. Ife tikuti ai. Silikoni sagwirana ndi polyurethane, ndipo mtundu uja wonunkha ngati viniga udya citsulo. Coipa coposa ncakuti atseka pakamwa pa mboni, mlandu usanazengedwe. Galasi lomamatidwa ndi mbali ya mafupa a galimoto. Lithandiza kucirikiza denga galimoto ikagubuduka, liletsa anthu kuponyedwa kunja, ndipo pa magalimoto ambiri airbag ya wokhala kutsogolo itsamira pa galasilo pofufuma. Galasi lokhalo lapangidwa mwanzeru: ndi magalasi awiri okhala ndi pulasitiki pakati, kuti likasweka lisamwazike, nzeru imene Mfalansa Édouard Bénédictus analembetsa mu 1909. Koma nzeru yonseyo ipita pacabe ngati galasi lathunthu licoka m'malo mwace pa ngozi cifukwa guluu sanagwire, ana athu ali momwemo.

Cifukwa cace tibwerere kwa amene anaika galasi, msanga, risiti liri m'manja, ndi kuwaonetsa malo amene tapeza. Ngati guluu anadukiza, kapena galasi linapendekera mbali imodzi, mankhwala ace ndi kulicotsa ndi kuliikanso. Pamene lacotsedwa tipemphe kuona citsulo ndi maso athu. Mpeni wodulira guluu wakale ukanda penti, ndipo pokandikapo pakapanda kupakidwa mankhwala oyambira, dzimbiri liyamba mobisika pansi pa guluu watsopano ndi kumkankha. Dzimbiri limene liripo kale liyenera kupalidwa ndi kupakidwa galasi lisanabwerere. Ndi nchito yocedwetsa, ndipo wofulumira ailumpha.

Mbali ina ya mlandu ndi yathu eni galimoto. Guluu afuna nthawi kuti alimbe: mitundu ina ilola kuyenda patapita ola limodzi, ina ifuna maola ambiri, mwina tsiku lathunthu. Tifunse makanika za mtundu umene agwiritsa nchito, ndipo timvere. Tsiku loyamba tisamenyetse zitseko, pakuti mphepo yopanikizika mkati ikankha galasi pa guluu wosauma. Zenera limodzi likhale lotseguka pang'ono. Tepi imene aika pamwamba tisaicotse msanga cifukwa ca manyazi, ndipo ulendo wa ku mudzi pa msewu wa mabampu udikire mawa.

Amene galasi lao linaikidwa m'cilimwe ayese ndi sopo kapena madzi mwezi wa Okutobala usanathe. Mvula ya Novembala ikayamba, madzi olowa pa ciboo atsikira kuseri kwa dashibodi, kumene kuli mawaya ndi mafyuzi, nakakhazikika pansi pa kapeti.