Ndege Yotayika Mafuta a m'Mipope

Ndege yaikuru iri ndi zikupizo pa mapiko ndi pa mchira, ndipo ndi izo imakwera, imatsika, nikhota. Koma zikupizozi nzolemera, ndipo mphepo izikankha kolimba, kotero kuti dzanja la munthu silingathe kuzisuntha. Chifukwa chake amisiri anaika mipope yaing'ono m'thupi lonse la ndege, monga mitsempha m'thupi la munthu. M'mipopemo muli mafuta opanikizidwa ndi mapampu. Woyendetsa akakoka chiwongolero, mafutawo akankha zitsulo, ndipo zikupizo zimvera. Mpope ukabooka, mafuta atayika, ndi mphamvu yomwe itha. Potero ndege zazikuru zikhala ndi njira za mipope zingapo, kuti ina ikafa, inzake igwire ntchito.

Pa 19 July 1989, ndege ya mtundu wa DC-10 inanyamuka ku Denver, m'dziko la Amerika, kunka ku Chicago, iri ndi anthu 296. Inali ndi mainjini atatu, ndi njira za mipope zitatu. Iri m'mwamba mapazi 37,000, gudumu la m'injini ya ku mchira linasweka, pakuti chitsulo chake chinali ndi mng'alu wobisika. Zidutswa zake zinadula mipope ya njira zonse zitatu, mafuta natayika onse. Pomwepo chiwongolero chinakhala chopanda ntchito, ndege niyamba kupendekera ku dzanja lamanja.

Mtsogoleri wa ndegeyo, Alfred Haynes, sanataye mtima. Anachepetsa mphamvu ya injini ya kumanzere, naonjeza ya kumanja, ndipo phiko lotsikalo linaweramuka. Nzeru iyi ifanana ndi ya wopalasa bwato: akapalasa kolimba ku dzanja lamanja, bwato likhotera kumanzere. Mwa apaulendo munali Dennis Fitch, mphunzitsi wa oyendetsa ndege. Iye anadzipereka kuthandiza; Haynes anamlandira, nampatsa zogwirira za mainjini awiri otsalawo. Poonjeza mphamvu ya onse awiri, ndege inkakwera, poichepetsa, inkatsika. Magudumu otererapo anawamasula, natsika okha ndi kulemera kwao.

Atalimbana nayo mphindi zoposa 40, anafika pa bwalo la ndege la Sioux City. Koma ndege inadza ndi liwiro lopambana muyeso, popeza panalibe chochepetsera. Phiko lamanja linagunda pansi, ndege niduka, niyaka moto, ndi zidutswa zina zinagwera m'munda wa chimanga. Anthu 112 anafa, koma 184 anapulumuka, pamodzi ndi amuna anai a m'chipinda choyendetsera.

Pambuyo pake amisiri anaika zotsekera m'mipope ya ndege zotere, kuti mpope ukabooka mafuta ena atsale, nayamba kuyesa zitsulo za mainjini mosamala koposa kale. Ndipo kufikira lero ophunzira kuyendetsa ndege auzidwa mbiri iyi, kuti adziwe kumverana pa tsoka. Haynes akadakana nzeru za anzake, opulumukawo akadachepa. Pakuti mutu umodzi susenza denga.