Bulugama Saitana Mbalame

Mwezi watha komiti yosamalira zachilengedwe ya mudzi wina m'boma la Zomba inandiitana kuti ndikaone nkhalango yawo. Anthuwa agwira ntchito, ndipo ndikuwavulira chipewa: anafesa okha mbande, anathirira ndi zidebe, anathamangitsa mbuzi. Mitengo yakula, mizere yowongoka, pansi pamyaa, popalira bwino. Kenaka amfumu anandifunsa: "Nanga achimwene, mbalame zija munkati zibwerera zili kuti?" Mayi wina anayankhiratu: "Ndi anyamata a malegeniwa."

Mtima unandipweteka. Mtengo uliwonse m'nkhalangomo unali bulugama.

Ndatopa nako kumva zoti mtengo ndi mtengo basi. Chaka chilichonse, kuyambira Disembala mpaka Epulo, timadzala mbande mamiliyoni, tijambulitsa, n'kumayesa kuti chilengedwe chabwerera mwakale. Bulugama ndi wabwino pa milimo, nkhuni ndi mapolo, ndipo sindikuuza munthu kuti azule wake. Koma kwawo ndi ku Australia. Masamba ake ali ndi mafuta onunkha omwe mbozi ndi tizilombo tambiri takuno sitidya, ndipo akayoyoka amachedwa kuwola. Tsono timba, nthengu ngakhale mpheta yomwe timaiona ikutola mapira, ikaswa imalera ana ake ndi tizilombo. Popanda mbozi, kholo lilowetsa chiyani m'kamwa mwa anapiye? Maluwa a bulugama amakopako timbalame tomwa timadzi ta m'maluwa, n'zoona, koma timamwa n'kumapita.

Chinanso ndi chimene ife a ntchito ya zachilengedwe timati understorey, kutanthauza zomera za pansi pa mitengo italiitali: zitsamba, ziyangoyango, udzu ndi masamba owolerana. Mbalame zambiri zoimba zimadyera ndi kumanga zisa m'menemo, osati kunsonga. Mukapalira pansi kuti alendo akaone ukhondo, mwagumula khitchini ndi kuchipinda komwe.

Taonani mbalame yotchedwa Thyolo alethe, yomwe dzina lake inatengera phiri la Thyolo. Imakhala mumthunzi wa nkhalango zowirira, ndipo imakonda kulondola linthumbu, n'kumatola tizilombo tothawa gulu la nyererezo. Nkhalango ya paphiripo itagwetsedwa n'kusanduka minda, mbalameyi inatsalira m'malo ochepa monga ku Mulanje ndi m'mapiri a Namuli ndi Mabu ku Mozambique. Legeni ndi ulimbo zimapha, sindikana, koma sizinathetse nkhalangoyo. Palinso yellow-throated apalis, kambalame ka pakhosi pachikasu komwe padziko lonse kamapezeka kuno kokha, ku Mulanje, Zomba ndi Malosa. Tikakataya ife, palibe kwina kokakatenga.

Tsiku lomwe ndinakaona nkhalango ya bulugama ija, ndinapempha chilolezo kwa amfumu kuti tikaime m'mphepete mwa manda. Kumeneko nkhwangwa siifika. Kuli mkuyu, kachere, msuku ndi zitsamba zolukanalukana. Dzuwa lisanakwere, apumbwa anali atadzaza mumkuyu, akulimbirana nkhuyu, pansi china chake chikupalasa masamba. Mbewu zomwe pumbwa amameza amakazitaya kutali m'zitosi, ndipo zimamera popanda chubu kapena ndalama ya bungwe.

Ndiye chochita n'chiyani? Malo amasiyana, ndipo mlangizi wa zankhalango wa kwanuko adziwa bwino nthaka yanu. Koma kawirikawiri ndimati yambani ndi zitsa. Chitsa cha mombo kapena mtondo chikadali ndi mizu yamoyo. Siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo dulirani. Alimi a ku Niger abwezeretsa mitengo yochuluka ndi njira imeneyi kuyambira m'ma 1980. Lambulani njira yotchinga moto udzu usanaumitsitse, chifukwa moto wa osaka mbewa wa mu Seputembala ndi Okutobala umapsereza mphukira ndi zisa zomwe. M'mbali mwa mtsinje musalimemo mpaka m'madzi. Bulugama akhale ndi chigawo chakechake, kutali ndi kasupe. Anyamata a malegeni aja muwapatse ntchito yolondera ndi kulemba mbalame zomwe aona, poti m'mudzimo ndi iwo amene amadziwa chisa chilichonse.