Cibangili comvera mtima

Ana inu, ikani dzanja pa cifuwa. Mukumva ciyani? Gu, gu, gu! Umenewo ndi mtima. Mtima umapopa magazi usana ndi usiku. Supuma ngakhale tili m'tulo.

Nthawi zina mtima umadwala. Umagunda mosokonekera usiku, dotolo ali kutali. Kukaca, wodwala amapita ku cipatala, koma pofika kumeneko mtima wabwerera mwakale. Nanga dotolo adziwa bwanji vutolo?

Ku America kunali bambo wina dzina lake Norman Holter. M'zaka za m'ma 1940, iye anapanga makina obereka kumsana. Makinawo ankamvera mtima ndi kutumiza uthenga wake pa wailesi. Koma anali olemera makilo 38, kuposa mwana wa m'kalasi mwathu muno!

Lero makina otere ndi aang'ono. Ena amamatidwa pa cifuwa. Ena amavalidwa pa mkono ngati cibangili. Kunsi kwa cibangilico kuli kanyali kobiriwira kamene kamaunika khungu. Mtima ukagunda, magazi amaculuka m'mitsempha, ndipo cibangili cimawerenga: 1, 2, 3... Kenaka cimauza foni, foni nayo imatumiza uthenga ku cipatala. Motero dotolo amadziwa za wodwala ngakhale wodwalayo ali kwawo.

Koma cibangili si mankhwala, siciciritsa munthu. Cimangocenjeza. Cimafunanso batire ndi foni kuti uthenga ufike.

Tiyeni ticite
Ikani zala ziwiri pa mkono, kunsi kwa cala cacikulu. Werengani kugunda 10. Tsopano lumphani ka 10, ndipo mverani mtima kaciwiri. Casintha ndi ciyani?

Tiyankhe
1. Mtima umagwira nchito yanji?
2. Makina a Holter ankalemera makilo angati?
3. Kodi cibangili cimaciritsa?

Kwa makolo
Werengani phunziroli pamodzi ndi mwana wanu, ndipo mumulole amve kugunda kwa mtima pa mkono panu. Mtima wa munthu wamkulu amene akupumula umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi imodzi. Wa mwana kawirikawiri umafulumira kuposa wa mkulu. Wina pakhomo akamva kupweteka m'cifuwa, akamabanika popuma kapena akakomoka, musadikire kuti kuce. Pitani naye ku cipatala msanga.