Chilala, Kuphwa kwa Nyanja ndi Moto Wolusa: Mmene Zitatuzi Zimatsatirana

M'chaka cha 1995 anthu a m'maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe anaona nyanja ya Chilwa itauma mpaka nthaka yake kung'aluka. Mabwato anagona pamtunda, ndipo anthu ankapita ku chilumba cha Chisi wapansi. Zoterezi zinachitikapo mu 1968, ndipo madzi anaphwanso kwambiri mu 2012 ndi mu 2018. Nyanja ikauma maso a anthu amakhala pa kusowa kwa nsomba ndi mpunga, koma pali ngozi ina imene imadza mwakachetechete m'miyezi yotsatira, ndiyo moto wolusa. Mlangizi amene adziwa mmene chilala, kuphwa kwa nyanja ndi moto zimatsatirana angathe kuchenjeza alimi nthawi idakalipo.

Gwero la chilala m'chigawo chino

Zilala zambiri zazikulu za kumwera kwa Africa zagwa m'zaka zimene madzi a pakati ndi kuvuma kwa nyanja yamchere ya Pacific anatentha koposa nthawi zonse. Nyengo yotere imatchedwa El Niño. Inalipo m'zaka za 1982/83, 1991/92, 2015/16 ndi 2023/24, ndipo m'zaka zonsezi mvula inavuta ku Zimbabwe, kumwera kwa Zambia, kumwera kwa Malawi ndi pakati pa Mozambique. Mu 2024 ng'amba inagwa m'mwezi wa Febuluwale, pamene chimanga chambiri chinali kumasula ngayaye ndi kutulutsa ndevu, nthawi imene mbewuyi siipirira ludzu ngakhale la masiku ochepa. Dziko la Zambia linalengeza kuti lili pa ngozi pa 29 Febuluwale, la Malawi linatero pa 23 Malichi m'maboma 23 mwa maboma 28, ndipo la Zimbabwe linatsatira pa 3 Epulo.

Si El Niño aliyense amene amabweretsa chilala, ndipo sagwira mbali zonse mofanana. Kawirikawiri pamene kumwera kukuuma, ku Tanzania ndi kumpoto kwa Malawi kumagwa mvula yochuluka. Nchifukwa chake msonkhano wa akatswiri a zanyengo a m'maiko a SADC, wotchedwa SARCOF, umene unayamba mu 1997 ku Kadoma m'dziko la Zimbabwe, umagawa ulosi wake m'madera osiyanasiyana.

Nyanja zitatu, makhalidwe atatu

Nyanja iliyonse ili ngati nkhokwe: madzi amalowa kudzera mu mvula ndi mitsinje, ndipo amachoka kudzera mu mtsinje wotulukamo ndiponso pouluka ndi dzuwa. Madzi ouluka ndi ambiri koposa mmene anthu amaganizira. Milimita imodzi pa hekitala imodzi ndi malita 10,000. Motero ngati tsiku lotentha la Okutobala lichotsa mamilimita 7, hekitala iliyonse ya nyanja kapena damu yataya malita 70,000 tsiku limenelo.

Chilwa ilibe mtsinje wotulukamo, ndipo ndi yosazama, pakuti m'malo ambiri kuya kwake ndi mamita awiri kapena atatu okha. Imadalira mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani, komanso Mnembo wochokera ku Mozambique. Chaka chimodzi cha mvula yochepa sichiiumitsa, koma zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana zimatero, monga zinachitikira pakati pa 1991 ndi 1995.

Kariba ndi nyanja yopangidwa ndi anthu potchinga mtsinje wa Zambezi, ndipo khoma lake linatha kumangidwa mu 1959. Madzi ake ambiri amachokera kutali, kumpoto chakuzambwe kwa Zambia ndi kuvuma kwa Angola, ndipo amatenga miyezi kuti afike. Magetsi amapangidwa ndi madzi a pamwamba okha, pakati pa mamita 475.5 ndi 488.5 kuyeza kuchokera pa nyanja yamchere. Mu Novembala 2022 madziwa anatsala ochepera magawo 5 pa 100 alionse, ndipo bungwe la Zambezi River Authority linalamula kuti kupanga magetsi mbali ya Zimbabwe kuyambe kwaima. Mu 2024 anthu a ku Zambia ankakhala maola ambiri patsiku opanda magetsi, ndipo mapampu a m'minda yothirira anaima pamodzi ndi zigayo.

Nyanja ya Malawi ndi yakuya mamita oposa 600 chakumpoto, choncho imasintha pang'onopang'ono, motsata mvula ya zaka zingapo. Pakati pa 1915 ndi 1935 inatsika mpaka madzi analeka kutsikira mu Shire. Koma mu 2024, pamene minda ya kumwera inali kupsa ndi dzuwa, nyanjayi inakwera mpaka kumiza nyumba ndi minda ku Mangochi ndi m'madera ena a m'mphepete mwake, kaamba ka mvula yambiri ya kumpoto ndi ku Tanzania. Pamenepa mlangizi aphunzirapo kuti nyanja yaikulu imaonetsa mvula ya kumene mitsinje yake ichokera, osati ya m'mudzi wapafupi. Zizindikiro zodalirika za dera lake ndi zitsime, madambo ndi timitsinje.

Mmene kuuma kumaitanira moto

Moto umafuna zinthu zitatu: chakupsa chouma, mphepo, ndi munthu wouyatsa. M'chigawo chino pafupifupi moto wonse wa m'chilimwe umayatsidwa ndi anthu: osaka mbewa ndi nyama, ofula njuchi, ootcha makala, osewula minda, ndi abusa ofuna msipu wanthete.

Pa chakupsa pali mfundo imene ambiri amaiphonya. M'tchire la udzu moto waukulu umabwera kawirikawiri pambuyo pa dzinja la mvula yambiri, chifukwa udzu umakula wautali ndi wothithikana. M'chaka cha chilala udzu umachepa ndipo ziweto zimaumaliza msanga. Chimene chilala chimachita ndi kuumitsa malo amene m'zaka zabwino sapsa mosavuta: madambo, mabango a m'mphepete mwa mitsinje, njedza ndi gumbwa zozungulira nyanja, nkhalango za m'mapiri ndi minda ya mitengo ya paini monga ya ku Viphya ndi pa phiri la Zomba. Malo onyowawa ndiwo amadula moto m'zaka zonse. Akauma, amasanduka mlatho woolotsa moto kuchoka mudzi wina kufika wina. Choncho chaka choopsa kwambiri ndi chimene chilala chitsatana ndi dzinja la mvula yambiri, pakuti zakupsa zilipo zochuluka ndipo zauma msanga.

Nyanja ikabwerera m'mbuyo imasiya zinyalala za zomera zimene zinaunjikana pansi pa madzi kwa zaka zambiri. Nthaka yakuda yotereyi ikauma imatha kunyeka pansi kwa masabata, yosaonetsa malawi, ndipo moto umabukanso patali mphepo ikaomba. Ng'ombe ndi ana amatha kugwera m'phulusa lotentha la m'malo otero. Komanso anthu amene ataya usodzi amatembenukira ku makala, kusaka mbalame ndi kutsegula madimba pa nthaka yosiyidwa ndi madzi, ndipo ntchito zonsezi zimayenda ndi moto.

Zimene moto umalanda mlimi

Alimi ambiri amakhulupirira kuti phulusa ndi manyowa. Zoona zake nzakuti udzu ndi mapesi zikapsa, nayitrojeni wambiri ndi gawo la salufa zimapita m'mwamba ndi utsi. Potaziyamu, fosiforasi ndi kashiamu zimatsala m'phulusa, koma phulusalo limauluzika ndi mphepo ya Okutobala kapena kukokoloka ndi mvula yoyamba. Nthaka yotsala poyera imatentha, imauma msanga, ndipo madontho a mvula amaiomba mpaka kutseka timabowo tolowera madzi. Madzi amene akanalowa pansi ndi kudyetsa zitsime amathamanga pamwamba atasenza dothi, nakalikhuthula m'mitsinje ndi m'nyanja. Nyanja yosazama ngati Chilwa ikalandira dothilo imaphwa mosavuta pa chilala chotsatira. Motero moto wa chaka chino umakulitsa chilala cha m'tsogolo.

Nthawi yotentha tchire nayo ndi yofunika. Mu 1933 ku Ndola kunakhazikitsidwa minda yoyesera m'nkhalango ya miombo, ndipo zotsatira zake anazifalitsa C. G. Trapnell mu 1959. Mbali ina inkatenthedwa kumayambiriro kwa nyengo youma, ina kumapeto kwake, ndipo ina sinkatenthedwa konse. Kumene kunkapsa mochedwa chaka ndi chaka mitengo ya mtundu wa mombo ndi mchenga inatha, nkutsala yopirira moto monga mlombwa ndi muula. Kumene kunkapsa msanga, udzu udakali ndi chinyontho, nkhalango inakhalabe ndipo timitengo tinapitiriza kukula. Moto wa Okutobala umaphanso anthu: mu Okutobala 2022 anthu 10 anafa akulimbana ndi moto pafupi ndi Esigodini ku Zimbabwe.

Ntchito ya mlangizi mwezi ndi mwezi

Kuyambira Epulo mpaka Juni, mlangizi ayendere zitsime, madambo ndi timitsinje ta m'dera lake pamodzi ndi mafumu, nalembe tsiku limene madzi aphwa. Zikaphwa msanga koposa chaka chatha, nyengo ya moto nayo iyamba msanga. Ino ndiyo nthawi yolambula njira zotchinga moto kuzungulira nkhokwe, minda ya zipatso, nkhalango za m'mudzi, manda ndi msipu wosungidwa. Malamulo a ku Zimbabwe a mu 2007 anaika kuti njira zotere zikhale mamita 9 m'lifupi mbali iliyonse ya malire, ndipo analetsa kuyatsa moto kutchire kuyambira pa 31 Julaye mpaka 31 Okutobala. Mlangizi wa dziko lililonse afunse a zankhalango za malamulo a kwao. Kumene kutentha msanga nkololedwa, kuchitike chakumadzulo mphepo itagwa, anthu ali ambiri. Koma m'chaka cha chilala udzu umauma msanga, choncho tsiku la pa kalendala lisanyenge munthu: udzu ukamathyoka m'manja, nthawi yotentha yapita kale.

Kuyambira Julaye mpaka Okutobala, mapesi ndi masangwi a mtedza ayenera kutetezedwa, kaya ophimbira nthaka kaya osungira ziweto. Munda wophimbidwa ndi mapesi umasunga chinyontho, komanso umapsa mosavuta, motero uyenera kulambulidwa m'mbali monse. Madambo ouma ndi nthaka yosiyidwa ndi nyanja zisatenthedwe konse. Maiwe a m'mitsinje yothira m'nyanja atetezedwe kwa ophera nsomba katupe, pakuti matemba, makumba ndi milamba zobisala m'menemo ndizo zimadzabereka nyanja ikadzalanso.

Ulosi wa SARCOF ukatuluka chakumapeto kwa Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Sepitembala, mlangizi athandize alimi kusankha mbewu: chimanga chocha msanga ndi chopirira ng'amba, mapira, mawere, chinangwa, mbatata, khobwe ndi nandolo. Pomaliza, moto ndi mtsinje sizidziwa malire a dziko. Mlangizi wa ku Machinga ndi mnzake wa ku Mecanhelas, kapena wa ku Mchinji ndi wa ku Chipata, ayenera kudziwana ndi kuuzana za moto ndi madzi chilimwe chisanafike pachimake.