Sabuside si mphatso

Pa msonkhano wa kalabu ina ya alimi a fodya, nditafunsa kuti m'mudzimo analandira fetereza wotsika mtengo ndani, bambo wina anandidula pakamwa: "Mayi, zopatsidwa safunsa." Mawu amenewa amandiwawa, chifukwa ntchito yanga ndi yolondola ndalama za ulimi kuchokera m'bajeti mpaka pachigafa.

Boma lilibe munda, lilibe nazale. Chimene timachitcha sabuside ndi ndalama yamisonkho imene boma limalipira pamwamba kuti inu mugule thumba pamtengo wotsika. Mu 2020, pamene pulogalamu ya boma ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP inkayamba, mlimi ankapereka K4,495 pa thumba la makilogalamu 50, ndipo yotsalayo inkachokera kwa tonsefe: wogula sopo, wothira petulo, mphunzitsi amene amadulidwa msonkho pamalipiro ake. Ndalama ya tonse, tonse tiyenera kudziwa kumene yapita.

Kusokonekera kumakula tikafika pa fodya. Makuponi a sabuside atayamba mu 2005, nthawi ya Bingu wa Mutharika, analipo a fetereza wa fodya, koma patapita zaka zochepa anachotsedwa, nkutsala a chimanga. Lero alimi ambiri amatenga fetereza, mbewu ndi mankhwala ku kampani pansi pa IPS, kutanthauza ulimi wa mgwirizano ndi wogula. Ndimamva ena akunena kuti "atithandiza". Imeneyo ndi ngongole! Mabelo akagulitsidwa ku Kanengo, Chinkhoma, Limbe kapena Mzuzu, ngongoleyo imadulidwa ndalama isanafike kubanki, ife timati stop order. Tengani pepala lanu la malonda, mutsike ndi chala mzere ndi mzere: ngongole, mayendedwe, ziguduli, msonkho. Pansi penipeni mpamene pali thukuta lanu.

Kumene boma linalipiradi alimi a fodya, anthu sanachite manyazi kufunsa. Ku America mu 2004 anathetsa dongosolo lakale la makota, nkukonza ndalama pafupifupi madola 10 biliyoni zolipira alimi ndi eni makota kwa zaka khumi, zochokera ku makampani opanga ndudu. Kumeneko bungwe la Environmental Working Group limaika pa intaneti maina a olandira sabuside za ulimi. Maiko a European Union nawo amasindikiza maina chaka ndi chaka. Mu 2010 khoti lawo linaimitsa kusindikiza maina a anthu wamba poteteza chinsinsi chawo, koma anakonza malamulo nkuyambiranso, akubisa okhawo olandira zochepa. Nkhawa ya chinsinsi ndimaimvetsa. Koma chimene ndaona ine nchakuti mndandanda wobisika umateteza wamkulu, osati mayi wamasiye.

Kwathu kuno tinaona mu 2022 ndalama zokwana K750 miliyoni za fetereza zitatumizidwa ku kampani ina ya ku Britain yogulitsa nyama. Zikanakhala poyera kuyambira pachiyambi, wina akanakuwa msanga.

Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga wa boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Lembani kalata ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu, mupemphe mndandanda wa olandira, ndipo musunge kope. Yankho mwina lichedwa, mwina akuzungulitsani, choncho ndi bwino kupita ngati kalabu osati nokha. Ndipo musanasaine mgwirizano wa fodya chaka chino, uzani mlangizi akuwerengereni mokweza mtengo wa thumba lililonse ndi chiwongola dzanja chake.